Chipepeso cha Ana Okhalira Makope pa Imfa ya Amayi Elina Mukupa

GULU LA NYALI YAPAKHOMO
Kanyama, Lusaka

Kwa Bambo Edwell Mukupa, kwa ana ndi abale onse a kuchimuna ndi a kuchikazi, kwa akuluakulu a mpingo, ndi kwa inu nonse amene mwasonkhana pasiwa,

Ife ana a gulu la Nyali Yapakhomo, pamodzi ndi makolo athu, talandira modzidzimuka ndiponso ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mayi wathu ndi mphunzitsi wathu, Amayi Elina Mukupa, amene anatisiya Lachiwiri m'chipatala atangodwala kanthawi kochepa. Sabata yatha yomweyi anali nafe pakhonde, akutidzudzula chifukwa cha zilembo zopendekera, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganiza kuti mutu umene ankaudandaula uja ndi umene udzatilande munthu amene tinkamuyesa wosadwala.

Ine wolemba ndine Tiwo Nkhoma, wapampando wa gululi. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinalemba mayeso a giredi naini chaka chatha. Ba Ticha, monga tinkawatchulira malemuwa, anaika lamulo loti wapampando azikhala mwana, n'chifukwa chake kalata yolemera chonchi yagwera ine. Sindinalembepo yotere, choncho pamene ndaphonya mwambo, akuluakulu mundikhululukire.

Gulu lathu linabadwa m'masiku a mliri wa korona, sukulu zitatsekedwa, pamene Ba Ticha anaona ana akungoyendayenda m'ngalande naitana ochepa kuti adzakhale pa mphasa yawo. Sukulu zitatsegulidwa ambiri anabwerera, koma ena tinatsala kuti tiziphunzira pakhomo, aliyense ndi chifukwa chake: wina mphumu, wina miyendo yosatha kudutsa madzi a nyengo ya mvula, wina amayi ake ogulitsa pamsika amene analibe womusiyira khanda. Ine chifukwa changa chinali pakamwa. M'kalasi modzaza ana, mphunzitsi akangondiloza, mawu ankandithawa n'kutsala misozi. Ba Ticha anatitenga tonse osafunsa zambiri. Anatiphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu. Anayenda m'maofesi mpaka tinapeza malo olembera mayeso ngati ana ena onse. Anayendera makolo athu m'misika ndi m'magalaja kukawauza mmene tikuchitira. Ndipo lero pali ana a m'Kanyama muno amene ali ku sekondale, amene chilembo chawo choyamba anachilembera pakhonde la nyumba ino. Koma ntchito imene ankainyadira koposa zonse, imenenso tidzawakumbukira nayo, ndi ya kutiphunzitsa kusunga Mawu a Mulungu pamtima pogwiritsa ntchito makope.

Ndilongosole pang'ono mmene tinkachitira, chifukwa ena mwa inu munkangomva phokoso lathu podutsa. Mwana aliyense anali ndi kope lake, lokutidwa ndi nyuzipepala yakale. Tsamba lakumanzere tinkakoperapo vesi la tsikulo. Tsamba lakumanja tinkalembapo, kapena kujambula kwa amene sanadziwe kulemba, chinthu chimene taona ndi maso athu chogwirizana ndi vesilo. Ba Ticha sankalola zolemba za m'mwamba. Ankati, "Vesi ilibe mendo. Uipase mendo ya mu Kanyama, izayamba kukukonkha," ndiye kuti kukutsatira.

Ndikukumbukira tsiku limene tinaphunzira salimo la mbusa. Mike, amene anali wovuta kuposa tonse, anaika bolopeni pansi.

"Ba Ticha, ine nkhosa sininaionepo."

"Manje waonapo chani?"

"Ba kondakita."

"Ba kondakita banachita chani?"

"Banapapa ambuya banga kumusana pa manzi, kubafikisa mu basi."

"Lemba ba kondakita. Uleke kunitayila nthawi."

Mike analemba tsamba lonse, ndipo mpaka lero akamanena salimo limenelo amayamba kaye wamwetulira. Gloria nayenso, pa salimo la munthu wokweza maso kumapiri, analemba kuti ku Kanyama kulibe mapiri, ndiye iye anakweza maso ku thanki ya madzi, ndipo madzi sanabwerebe. Ba Ticha anaseka mpaka kuvula magalasi, kenaka anati, "Ndiye chifukwa chake vesi ikamba kuti thandizo siichoka ku thanki. Welenganso."

Tikamaliza kulemba, tinkatseka kope n'kulikhalira. Limeneli linali lamulo losasweka: kope pansi, mwana pamwamba, kuti diso lisabe. Kenaka mmodzi mmodzi tinkanena vesi pamtima, Ba Ticha atagwira Baibulo lawo, chala chikutsatira mzere. Ukaphonya liwu sankakuuza. Ankangogogoda kapu yachitsulo ndi supuni, ngwe, iwe n'kubwerera pambuyo kukalifuna wekha. Ana a m'makomo oyandikana anatipatsa dzina loti okhalira makope pofuna kutiseka, koma ife tinalikonda.

Ine miyezi yoyamba sindinanene vesi ngakhale limodzi. Tsiku lina Ba Ticha anangotembenuza kampando kanga kuti ndiyang'ane khoma, nati, "Kamba na chipupa, mwana wanga. Ine nizamvelako chabe." Ndinalankhula ndi khoma kwa nthawi yaitali. Sindinazindikire kuti iwo ankakhotetsa kampandoko pang'ono pang'ono, mpaka tsiku lina ndinapezeka ndikunena mutu wathunthu ndikuyang'ana anzanga kumaso. Sanandiyamike pagulu, chifukwa ankadziwa kuti ndikanathawa. Anangondilembera m'mphepete mwa kope kuti, "Ndakumva."

Kope likadzaza, Ba Ticha ankaliika m'thumba la ufa limene ankapachika kudenga la khitchini yapanja, kuti madzi akalowa m'nyumba monga achitira chaka ndi chaka, lisanyowe. Ankati adzatibwezera aliyense makope ake tsiku limene tidzachoke pakhomo la makolo.

Tsopano, akuluakulu, ndifike pa nkhani imene nonse mukuidziwa, imene ndikanakonda wamkulu ndiye ainene, koma poti ikukhudza katundu wathu, anzanga andituma ine. Dzulo m'mawa makala anali onyowa ndi mvula, olira anali ambiri, ndipo tiyi ankafunika. Ba Elesi, mlongo wa Bambo Mukupa, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Kitwe n'kulunjika kumoto osapuma n'komwe, anafuna mapepala oyatsira mbaula. Anaona thumba lija, natsegula, napeza makope akale okutidwa ndi nyuzipepala. Tonsefe tikudziwa ntchito ya makope akale m'makomboni athu: amayatsa moto, amakulunga zitumbuwa ndi mtedza. Ba Elesi sanakhalepo pakhonde lathu, ndipo panalibe amene anawauza. Mbaula zinayaka, anthu anamwa tiyi, thumba linatsala lopanda kanthu.

Amene anazindikira ndi Dumi, wamng'ono kuposa tonse m'gulu, amene anatola kachidutswa kopserera m'mbali pali chithunzi cha nyumba imene anajambula yekha. Analira mokweza, anthu anasonkhana, ndipo mawu ena olemera ananenedwa pamaso pa anthu. Tinawamva ba Desmond, achimwene a malemu, akunena kuti, "Imwe ba Elesi, munabwela kulila olo kuocha nchito ya mlongosi wanga?" Sitikuwaweruza ba Desmond, mlongo wawo wagona m'bokosi, ndipo mtima wowawa susankha mawu. Koma kuyambira nthawi imeneyo ba Elesi sanadye, sanalowe m'nyumba mmene muli amayi anzawo, akhala kuseri pafupi ndi mpope, chikwama chili pamiyendo. Tamva kuti akuti akwera basi mawa m'mawa, mlamu wawo asanaikidwe, chifukwa alibe nkhope yoimira nayo pamanda. Tamvanso kuti abale a mbali ziwirizi ayamba kukhala mosiyana, awa uku awa uko.

Ife eni makope tinakumana dzulo masana kuseri kwa tchalitchi kuti tikambirane. Sindinama, tonse tinalira. Dumi anandikoka diresi nati, "Ba Tiwo, mavesi yanga yonse yapsa." Ine si Ba Ticha. Ndinangoona njerwa pafupi, ndiye ndinamuuza kuti aikhalire ngati ndi kope lake.

"Iyi ni njelwa," anatero.

"Nkhala chabe. Yamba vesi ija ya nyumba ya pa mwala."

Anakhala, anapukuta mphuno, anayang'ana pansi. Kenaka anayamba, ndipo anafika kumapeto. Atamaliza anatiyang'ana modabwa ngati wina wamuikira mawuwo m'thumba. Gloria anamukankha pa njerwapo nanena lake, Mike nayenso, ndipo tinapitiriza mpaka mvula inatibalalitsa. Apo m'pamene tinamvetsa chifukwa chake Ba Ticha ankatikhazika pa makope zaka zonsezi. Ankatizoloweza kukhala opanda makopewo.

Sitikunena kuti palibe chimene chatayika. Masamba akumanja aja apita, ndipo sadzabwera: ba kondakita a Mike, thanki ya Gloria, zilembo zofiira za Ba Ticha m'mphepete, ndi liwu lija limene anandilembera ine. Zimenezi zikutipweteka, ndipo zidzatipweteka nthawi yaitali. Komabe ndinene chinthu chimodzi chimene sindinauze ngakhale anzanga. M'makope anga munali zinthu zimene ndinalemba m'masiku amene bambo anga anachoka pakhomo, zimene anawerengapo Ba Ticha okha. Nditamva za imfa yawo, ndinayamba kuda nkhawa kuti pogawa katundu ndani adzatsegule thumba lija n'kuwerenga. Choncho nditaona phulusa lija, pakati pa kulira, penapake mumtima ndinapepukidwa. Zinsinsi zanga zatsagana ndi munthu yekhayo amene ndinamuuza. Ba Elesi, ngati mawu awa akufika kumpope kumene mwakhalako, dziwani kuti mmodzi mwa ana amene mukuganiza kuti mwawalakwira anagona tulo chifukwa cha moto wanu.

Chifukwa cha zimenezi, gulu la Nyali Yapakhomo likulengeza pamaso pa banja ndi pa mpingo kuti makope aja anali athu, osati a mbali ya kuchimuna kapena ya kuchikazi, ndipo ife eni ake tilibe mlandu ndi munthu. Tikupempha modzichepetsa kuti nkhaniyi isakhalenso pakati pa abale, pakuti sikungakhale kulemekeza malemuwa kuti ntchito imene anasonkhanitsira ana a mitundu yosiyanasiyana pa mphasa imodzi ikhale yomwe yagawanitsa anthu awo pa tsiku lowaperekeza.

Tilinso ndi pempho lachiwiri. Akuluakulu a mpingo atilola kuti mawa m'mawa, thupi lisananyamuke pakhomo, tikhale pakhonde paja komaliza, tinene pamtima mavesi amene mayi wathu anatiphunzitsa. Koma dzulo tinaona vuto. Gloria atalumpha mzere, tonse tinadikira kulira kwa kapu, ndipo sikunamveke. Tinayamba kukangana, uyu akuti liwu ndi ili, uyo akuti ndi lija. Ntchito yathu siyenda popanda wamkulu wogwira Baibulo, wotsatira ndi chala, wogogoda tikaphonya. Tinafunsana kuti tipemphe ndani, ndipo amene anayankha ndi Dumi. Anati, "Baja bamene banaocha makope. Bamve kuti mavesi yakaliko." Palibe amene anatsutsa.

Ba Elesi, tikukupemphani inuyo. Simufunika kulankhula chilichonse, ndipo ngati kuyang'ana anthu kukuvutani, ine ndikudziwa mmene zimakhalira. Tidzakutembenuzirani mpando kukhoma.

Kwa inu Bambo Mukupa, amene munkabwera kuchokera kuntchito n'kupeza khonde lanu ladzaza ana a eni, n'kumalowera khomo lakuseri kuti musatisokoneze. Kwa ana a malemu, amene munagawana nafe mayi wanu popanda kudandaula. Kwa ba Desmond ndi abale onse ochokera ku Matero, ku Lilanda, ku Kitwe ndi kwina konse: m'malo mwa ana onse a Nyali Yapakhomo, amene alipo ndi amene anapita ku sekondale, ndiponso m'malo mwa makolo athu, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima. Chisoni chanu ndi chachikulu kuposa chathu, ndipo tilibe mawu okwanira kuchichepetsa. Mulungu amene mayi wathu anamutumikira pakati pa ana akulimbitseni, akugwirizanitseni, ndipo akupatseni mphamvu za mawa ndi za masiku ovuta amene amabwera anthu akabalalika.

Mzimu wa Amayi Elina Mukupa uuse mumtendere.

Baibulo lawo lili kwa Bambo Mukupa. Kapu ndi supuni tazitsuka, taziika pawindo la khitchini, moyang'anana ndi mpope.

Ine wanu mwaulemu,

Tiwo Nkhoma
Wapampando, Gulu la Nyali Yapakhomo