Funso 9 ndi mpunga wa a Twaha

Lolemba, 10 Juni 2024
Ntchito ndayamba. Bwana ndi Nobert wa ku Harare, nsapato zoyera pakomboni ya fumbi ngati ino. Akufufuza kuti katundu wa dziko lina akakwera mtengo, ndi anthu angati amene amamusiya n'kugula wa kwina. Akuti "elasitisite". Mayankho onse alowa mu kompyuta, ndipo ituluka nambala imodzi yoti akuluakulu a zamalonda aziwerengera. Ine ndikufunsa nkhalamba za kuno m'Chichewa, poti iye sachimva. Ndikachita bwino anditenga kukagwira ntchito yomweyi ku dera la Selous miyezi itatu. Ndikalephera, kubwerera kosankha fodya.

Lachiwiri, 11 Juni
A Yeremiya ndawafotokozera katatu kuti si kalembera wa chithandizo. Agwedeza mutu. Potuluka: "Ndiye mafutawo afika liti, mwanangu?"

Sopo, shuga, mafuta, zonse zikuyenda. Akadula wa kuno, anthu amathamangira wa ku Joni. Nobert kumwetulira ngati wazitulukira yekha.

Lachitatu, 12 Juni
Lero mzere wa kumzikiti, makomo 14. Funso 9: mpunga wa ku Malawi ukakwera pang'ono, mugula wa kwina? Ayi. Ukakwera kawiri? Ayi. Katatu? Mai Rehema andifunsa ngati ndili bwinobwino. Onse 14 chimodzimodzi. Ndalemba zimene ndamva.

Lachinayi, 13 Juni
Nobert wayang'ana manambala ake, akuti elasitisite ya mpunga yatuluka ziro. "Hazviite, sisi, sizingatheke. Palibe munthu wosasintha mtengo ukakwera katatu." Kenako, pamaso pa Forget, dalaivala wake, akuti ndinakhala pansi pa mtengo n'kudzaza ndekha mayankho. Za Selous akuti ndiiwale.

Ine wabodza? Ine amene ndalumidwa ndi galu wa a Kassimu chifukwa cha mafunso akewo? Sanandifunse n'komwe chifukwa chake. Inenso sindinamuuze. Wophunzira ndi iyeyo.

Lachisanu, 14 Juni
Wandipatsa moni. Ndayang'ana nkhuku.

Loweruka, 15 Juni
Amayi akuti kunyada sikulipira lendi. Chabwino. Ndamuuza Nobert kuti anditsate, akafunse yekha.

Kwa a Twaha kunali sadaka ya bambo awo, masiku makumi anayi chimwalirireni. Miphika itatu pabwalo, fungo mpaka kumsewu. Nobert wakhala pamphasa movutikira, wafunsa funso 9, ine ndikumasulira liwu ndi liwu.

A Twaha aseka. "Muuze mnzakoyu kuti mpunga sitidya tsiku ndi tsiku. Timagula pa Idi ndi pa sadaka basi. Bambo anga anachoka ku Mangochi ali mnyamata, akalambira m'fodya wa azungu, afera kuno osaonanso kwawo. Ndiye lero ndiwaphikire mpunga wa m'sitolo chifukwa watchipa? Bola ndigulitse njinga."

Mai Rehema ali kumiphika: "Wa m'sitolowo ngwa odwala m'mimba!"

Nobert wati ndiye kuti mpunga wa ku Malawi ndi wa m'sitolo si katundu mmodzi, funso lake linawaphatikiza molakwa. Ndati ee, zimene aliyense pakomboni pano akudziwa osapita ku yunivesite. Izi sindinawamasulire a Twaha.

Nobert wadya mbale ziwiri. Pobwerera wandipatsa tabuleti yake ya mafunso, akuti funso 9 ndilikonze mmene ndikuonera, Lolemba tinyamuka 6 koloko kupita ku Selous. "Pepani" sindinamumve. Ndadikira mpaka pagalimoto.

Funsolo ndalikonza. Tabuleti ili pansi pa pilo, ndipo akaifuna anene mawu aja kaye.