Amene anathyola pampu si a Anselmo

Chilomoni, Blantyre
9 Seputembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi amayi. Bondo lija likuvutabe mukamatsetsereka kudimba? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Kawiri konse ndakuimbirani foni kuti ndinene nkhaniyi, kawiri konse ndangothera kufunsa za mphepo ya ku Mphunzi. Manthatu! Ndiye ndati bola ndilembe, pepala silichita chibwibwi.

Achemwali a Agnesi andiuza kuti kabichi yense wa kumtunda kwa dimba wauma chifukwa thiredo pampu inafa. Akuti mukunena kuti alamu a Anselmo ndiwo anathyola kacholumikizira paipi kamene ndinatumiza kaja, poti ali ndi manja olemera. Akutinso mwaitana ankhoswe Loweruka, ndipo mwanena kuti mkamwini wowononga ndi bwino azipita kwawo ku Linthipe.

Bambo, wolakwa ndine.

Paja ntchito yanga ndi yokonza pulogalamu ya pa intaneti yoyendetsa makina oumba zinthu za pulasitiki. Munthu amaikamo chithunzi cha chinthu, pulogalamuyo n'kuchidula m'magawo opyapyala, makina n'kumasanja gawo pamwamba pa linzake ngati mmene amayi amaumbira mbiya.

Mu Julayi abwana anadandaula kuti makina akuchedwa. Ine, kufuna kuoneka katswiri, ndinasintha kuti m'kati mwa chinthu muzikhala timipata ngati zisa za njuchi, kunja kokha n'kolimba. Pali malo amene munthu amasankha kuti m'kati mudzaze, koma posinthapo ndinawasokoneza: usankhe usasankhe, makina ankasiyabe mipata. Sindinayese n'komwe. Tsiku lomwelo ndinaumba kacholumikizira kanu kaja, n'kukapatsa kondakitala wa minibasi ya ku Chimbiya, ndikudzitama kuti aka n'kolimba ngati chitsulo.

Kanali ndi mphako m'kati, Bambo. Ngakhale mukanamanga ndi inuyo, kakanaphulika ndithu madzi atangoyamba kukankha.

Chondichititsa manyazi kwambiri ndi ichi: vutoli ndinalidziwa masabata atatu apitawo, kasitomala wina atabweza katundu. Ndinalikonza masana amodzi, ndinalemba lipoti, anthu achilendo ndinawapepesa mmodzimmodzi. Koma kwathu ndinangoti zii, poti mumandinyadira kutchalitchi kuti mwana wanga amalamula makina ali patali. Nthawi yonseyi a Anselmo akutunga madzi othirira ndi keni kuyambira mbandakucha. Achemwali akuti alamuwo ankakayika kale kuti kanthuko kapepuka, koma anaopa kunyoza mwana wa mwini mudzi.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi iwerengedwe mokweza a Anselmo ali pomwepo, ankhoswe asanakhale pansi. Musaiwerengere kuseri ayi. Munawadzudzula pagulu, ayeretsedwenso pagulu.

Ndatumiza kena katsopano. Aka ndakadula kanzake ndi sowo kuti ndione m'kati, ndipo ndakapondapo ndi thupi langa lonseli. Kabichi sindingamudzutse, koma banja la achemwali lisaume naye limodzi.

Moni kwa amayi, kwa amalume a Yohana, kwa azakhali a Kristina ndi adzukulu anu onse. Alamu anga sindikuwapatsa moni wa papepala; ndifika Lachisanu madzulo kudzawagwadira ndekha. Ngati Loweruka pakufunikabe wina woimirira pamaso pa ankhoswe, mundiimike ine.

Ndine mwana wanu wochimwa,
Kingsley