Mkazi Mnzanga Ali mu Wailesi

Aphungu,

Ndine mayi wapabanja. Kwathu ndi ku Katete koma ndimakhala ku Kanakantapa, kumene tili ndi munda wa chimanga ndi dimba la repu ndi tomato. Sukulu ndinalekezera Fomu 3, choncho musandiyankhe ngati munthu woopa wailesi. Vuto langa ndi lakuti ndikuchita nsanje ndi munthu amene anaikidwa m'manda ine ndisanafike n'komwe kuno.

Amuna anga, a Greenwell, ndi kalipentala. Ndinakwatiwa nawo mkazi wawo woyamba, Lushomo, atamwalira. Zonse zinayenda mwa dongosolo. Achibale a malemu anawasudzula, anawapaka ufa pamphumi, anawamanga mkanda woyera pamkono, n'kuwauza kuti ndi omasuka. Mwana amene malemu anasiya, Jennifer, ndinamulera ine mpaka anapeza ntchito ku Lusaka. Ine ndinawaberekera mwana mmodzi, Ezra. Dzina la Lushomo silinkamveka m'nyumba, ndipo ndinkayesa kuti nkhaniyo inatha.

Mwezi wathawu, Lolemba lina chakumadzulo, ndikusenda mtedza pakhonde, wailesi inasiya zolankhula n'kuyamba nyimbo zija zopanda mawu, za mavayolini okoka pang'onopang'ono. Inu mukudziwa kuti kuno nyimbo zotere timazimva wamkulu wina wa boma akatisiya. Mnansi wanga Nelesi anatulukira akuthamanga, chitenje chili m'manja, akufuula kuti, "Amake Ezra, afa ndani? Mwamvela zina?" Ineyo ndinali nditayamba kale kumanga duku. Azibambo awiri a munda woyandikana nafe anafika atavula zipewa. Tonse tinakhala duu, kudikira dzina. Nyimbo itatha, mtsikana wa pa wailesi ananena m'Chingerezi, mokondwa ngati akulengeza ukwati, kuti sabata yonseyo madzulo azitiimbira nyimbo zakale za ku Ulaya zimene amati kilasiko. Nelesi anaomba m'manja nati, "Batililisa pachabe, ba wailesi aba!"

Anthu anaseka n'kubalalika. Amene sanaseke ndi amuna anga. Anali atatsinzina, chala chikuyenda m'mwamba ngati akuyeza thabwa losaoneka, misozi ikutsikira m'ndevu. Munthu ameneyu pa maliro a atate anga ku Katete sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Anali kalikiliki ndi bokosi.

Nditawafunsa, anati ali mnyamata anaphunzira ukalipentala ku mishoni ya Kasisi, ndipo wansembe wina wokalamba anali ndi galamafoni imene ankaiika pawindo Lamlungu masana. Mpaka pamenepo zinali bwino. Kenako mawu anawapulumuka: "Iyi Lushomo anali kuikonda maningi. Anali kuleka kusita kuti amvele." Malemuwo ankachapa ndi kusita kunyumba ya ansembe. Ndiye kuti awiriwa anadziwana pansi pa windo limenelo. Ine zaka zonsezi ndinkaganiza kuti anakumana kutchalitchi ngati anthu ena onse.

Sabata yonse inayenda choncho. Dzuwa likangopendeka, amuna anga ankapachika macheka, kusamba, kuvala malaya oyera, n'kukhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamiyendo ngati khanda. Malaya oyera, Aphungu! Ine akamandiperekeza kumsika ku Chongwe amavala ovolosi. Odutsa mumsewu ankawaseka kuti, "Ba Greenwell, malilo yakalibe kusila?" Iwo ankangokweza dzanja, maso ali chitsinzinire. Tsiku lililonse ankasendera kumapeto kwa benchi n'kunena kuti, "Amake Ezra, bwelani munkale apa." Ine ndinkawayankha kuti pa benchipo pali kale anthu awiri.

Lachinayi panachitika chinthu chimene mpaka lero sindidziwa ngati ndinapambana kapena ndinagwa. A wailesi anaika nyimbo ya piyano yokhayokha. Inayamba ngati madontho oyamba a mvula pa malata, lina apa, lina apo, kenako inakhuthuka, kenako inabwereranso ku madontho aja ngati ikudzifunsa ngati nthaka yakhuta. Ndinangozindikira kuti manja anga aima, mtedza uli m'manja wosasenda, nkhuku zikudya m'lichero ine ndikuziyang'ana. Amuna anga anatembenuka, anandiyang'ana, nati, "Iyi siniiziba. Wansembe analibe." Ine ndinati, "Ndiye kuti malemu anaiphonya." Anazima ngati koloboyi pamphepo. Anangotsitsa wailesi.

Ndinkati sabata ikatha nazonso zitha. Koma Jennifer atamva kwa atate ake, anapeza mnzake wa kuntchito amene anajambula mapulogalamu onsewo pa matepi, ndipo anabwera nawo pa minibasi atawakulunga ngati mazira. Wailesi yathu ndi ya kaseti. Tsopano malemu sadikiranso a wailesi, amafika nthawi iliyonse imene mabatire alola.

Aphungu, mkazi mnzanga akanakhala wamoyo ndikanadziwa pomupeza. Ndikanaona kuti nayenso ali ndi zikang'a, amapsereza ndiwo, amadzuka nkhope itatupa. Koma wakufa sakalamba. Iye akadali mtsikana wosita pansi pa windo, ine ndikununkha utsi ndi fetereza. Ndikakwiya ndimaoneka wamisala, chifukwa ndikulimbana ndi kabokosi ka mabatire.

Nelesi akuti chisudzulo chija sichinagwire, mwina mkanda unaduka msanga. Akuti munthu womasukadi sangamalirire nyimbo za maliro tsiku ndi tsiku, choncho ndipite kwa achibale a Lushomo, kumudzi kwawo cha ku Kasisi, ndikawauze kuti abwereze mwambo. Akutinso zimenezo zikakanika, matepi savuta kugwera m'chitsime. Ine sindine wokhulupirira chilichonse chimene ndamva pa mpanda, koma pano ndatsala pang'ono kupita, mvula isanawononge msewu. Ndisanakwere minibasi ndati ndimve kaye kwa inu. Kodi ndipite? Nanga ndikapanda kupita, ndikhala bwanji m'nyumba imene mwamuna wanga amavalira wina malaya oyera?

T.M., Kanakantapa, Chongwe

Mayi T.M.,

Minibasiyo musakwere.

Tiyambe ndi nyimbozo. Si za maliro. Kumene zinachokera anthu amakwatirana nazo, amavina nazo, ena amangowodzera nazo m'maholo. Ife tinazidziwira pa maliro chifukwa dziko likamalira, a wailesi amafuna nyimbo zopanda mawu zoti zisakhumudwitse munthu, ndiye amatola zoyenda pang'onopang'ono za mtundu umenewu. Tili ngati munthu amene suti yakuda anaionera kumanda kokha, akaona mkwati wavala n'kuyamba kubuma. Nelesi anakuliritsani pachabe Lolemba lija, ndipo akufuna kukuliritsaninso.

Tsopano chisudzulo. Ufa ndi mkanda zimamasula munthu kuti akwatire popanda mlandu. Sizimudula makutu ndipo sizifufuta unyamata wake. Pa benchi paja amuna anu akulirira zambiri: wansembe uja, windo lija, manja awo asanalimbe ndi macheka, ndi Lushomo yemwe. Sindikunamizani kuti iye mulibe m'misozimo. Alimo. Koma mwamuna wobisa chikondi satulutsa benchi pabwalo n'kumaitana mkazi wake kuti akhale pafupi. Mwandiuza nokha kuti amasendera tsiku lililonse. Malo amene amasiyawo ndi anu. Malemu safuna thabwa lokhalapo.

Ganizirani zimene mudzabwere nazo kuchokera kwa achibale a Lushomo. Mukakawauza kuti mwambo wawo sunagwire, mwawanyoza iwo, mwachititsa manyazi amuna anu pamaso pa apongozi awo akale, ndipo mwalengeza nokha kuti zaka zonsezi mwakhala m'nyumba ya mzimu. Ezra akadzangotentha thupi, Nelesi yemweyo ndi amene adzayambe kuloza chala. Jennifer amene munamulera adzamva kuti munakwera minibasi kukapirikitsa amayi ake. Zimenezo palibe ufa umene udzazichotse.

Chitani izi. Pepesani chifukwa cha mawu a Lachinayi aja. Anali akuthwa, ndipo inu mukudziwa. Sipafunika ankhoswe, chiganizo chimodzi chikwana. Mukatero auzeni zimene mwandiuza ine, makamaka za malaya oyera. Amuna ambiri sadziwa kuti akazi awo amawerenga malaya ngati nyuzipepala. Muwauze kuti pa ulendo wotsatira wa ku Chongwe ovolosi itsale pa msomali. Mugwirizanenso za masiku a matepi, kuti nyimbo za kalindula ndi nkhani za dziko zizimvekanso pakhomopo, pakuti wailesiyo ndi ya nonse.

Ndiye tsiku lina, masana dzuwa likuswa mtengo, muwafunse inu mwini za Lushomo. Alekeni alankhule mpaka atope. Zidzakupwetekani poyamba, koma musadzuke. Mudzamva kuti nayenso anawotchapo kolala ya wansembe, ankanyanyala, ankaiwala mchere. Wakufa amasanduka mngelo m'nyumba imene dzina lake ndi loletsedwa.

Koma chachikulu munachilemba nokha osachiona. Kalata yanu yonse ndi yaminga, kupatula pamene mukufotokoza nyimbo ya piyano ija. Pamenepo munaiwala nsanje, munaiwala ndi nkhuku zomwe. Ndipo amuna anu anatembenukira kwa ndani? Kwa inu. Anakuonani mutaima manja, n'kukuuzani kuti iyi sakuidziwa. Wansembe analibe, Lushomo sanaimve. Ankakuuzani kuti nyimboyo ilibe mwini, inu n'kuitola ndi pakamwa panu kukaipereka kumanda. Mwamwayi siinapite. Ili pa tepi imodzi mwa matepi a Jennifer aja. Ifuneni. Mukaipeza sambani, valani chitenje chija mumasungira ukwati wa anthu ena, mukakhale pa benchi, munene kuti, "Atate ake Ezra, ikani ija ya mvula." Ikayamba, pakamwa panu papume.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Mukadzaona kuti amuna anu asiya ntchito, sakudya, kapena ayamba kukuitanani ndi dzina la malemu, imeneyo si nkhani ya nyimbo, ndipo mupite nawo kwa akulu a mpingo kapena kuchipatala osachedwa. Chachiwiri, matepi asayandikire chitsime. Nyimbo imene mungaimize m'madzi amuna anu adzaiimba mumtima moyo wawo wonse, ndipo mumtimamo mulibe benchi yoti akusendereni.

Aphungu