Mowa wa Alamu ku Liwonde

Loweruka, Okutobala. Lero dzuwa linaotcha ngati moto.

Ndinapita ku Liwonde kukalawa mowa umene alamu anga akufulula okha pabala pawo chiwachotsereni ntchito. Akuti dzina lake ndi laga. Unabwera wozizira bwino, wachikasu chotuwa, ndi kafungo ka chimera komanso kuwawa kwapatali. Koma thovu linatha msanga, ndipo pakhosi unangodutsa ngati madzi.

"Mwaumva bwanji, alamu?" anafunsa, akupukuta tebulo louma kale.

"Ukupha ludzu ndithu. Koma kukhwima, iyayi, sunafike."

Anaseka pang'ono, maso ali pamipando yopanda anthu. Akazi awo, achemwali anga, anali chiimire pakhomo, akumva zonse.

Ndinaitanitsa tambula yachiwiri. Apo m'pamene achemwali anakhala pansi.

Kaya ndinachita bwino kunena zoona, kaya...