Mchere wa aDalaivala

Lolemba, 3 Malichi

Tabwerako kuchipatala. Amuna anga, aDalaivala a basi, magazi akuthamanga kwambiri. Mutu wakhala ukuwapweteka chakunkhongo, ine n'kumati ndi tulo. Anamwino atayang'ana makina anavula magalasi, n'kuyezanso mkono winawo. Pomwepo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Piritsi m'mawa uliwonse. Mchere achepetse, mafuta achepetse, aziyendako pansi. Munthu wokhalira pampando kuyambira m'bandakucha. Kuntchito akuti akayezetsenso pakati pa Epulo, ndipo zikapanda kutsika, chiwongolero asiye. Tidya chiyani? Komanso bambo awo anagwa pakhomo la bafa, osadzukanso. Pobwerera palibe anatchula zimenezi. Ndili ndi mantha.

Lachinayi, 6 Malichi

Mchere ndaubisa m'kabati ya zovala, kuseri kwa zofunda. Nyemba zadzulo zinali ngati madzi otsukira mbale. Anadya chamumtima, kumangomeza. Ndinawamvera chisoni.

Lero nzeru zabwera. Ndagula timakyubu ta supu pagolosale, ndanyenyera titatu m'ndiwo. Mchere ngakhale wotsina ndi zala, ayi. Mbale mbee, mpaka kupempha zowonjezera. Ndadziyamikira ndekha, poti wondiyamikira palibe.

Lamulungu, 9 Malichi

Tayamba kuyenda madzulo, kuzungulira bwalo la mpira n'kubwerera. Amapuma ngati basi yawo yomwe ikamakwera mtunda. Ometa tsitsi apakona anawafunsa kuti galimoto yafera pati, iwo akuti ali pa sevisi. Koma anaseka, kuseka koyamba sabata ino.

Zakumwa zoziziritsa kukhosi zam'botolo ndaletsa. Nthochi ndi malalanje patebulo. Chakudya chamasana azinyamula m'kontena, tchipisi chakudepoti chiiwalike. Masamba ambiri, nyama pang'ono, mafuta ochita kuyeza ndi supuni. Timakyubu tikugwira ntchito, kontena ikubwera yopanda kanthu.

Loweruka, 15 Malichi

Takayezetsa pasitolo ya mankhwala. Zatsika pang'ono chabe. Wogulitsa mankhwala anafunsa ngati mchere anasiyadi. Mtima wanga myuu.

Ndiye kuti pali kwina kumene akuudya. Ndapisa m'matumba onse a yunifomu. Makiyi, kansalu kopukutira thukuta, chotokosera m'mano. Ndanunkhiza ngakhale malaya, kufuna fungo la tchipisi. Iwo kulumbira kuti pakamwa pawo pamalowa zanga zokha. Amuna kulumbira sikuwavuta.

Koma akaweruka amadzera kwa apongozi, msewu wachiwiri kuchokera pano. Mayi ndi mwana wake.

Lamulungu, 16 Malichi

Ndapita kwa apongozi. Ndinawapeza akusita. Sindinakhale n'komwe pansi. Ndawasambitsa chokweza, mayi wamkulu ngati uja, kuti ine ndikuvutika ndi miphika iwo akumupha mwana wawo ndi zokazinga. Anazimitsa simbi.

“Mwana wanga, bambo ake ndinawaika m'manda ndi matenda omwewa. Ndiikenso ndi iyeyu?”

Akuti akabwera amangomwa madzi, n'kumacheza. Sindinawakhulupirire. Ndinatuluka osatsazika.

ADalaivala amva. Agona choyang'ana kukhoma.

Lolemba, 24 Malichi

Sabata yonse m'nyumba zii. Kuyenda tikuyenda, koma wina kutsogolo wina kumbuyo.

Lero kuchipatala. Zikadali pamwamba. Anamwino anandiuza kuti ndifotokoze mmene ndimaphikira, kuyambira poika poto pamoto. Ndinafotokoza monyadira, mpaka kufika pa timakyubu. Anandiimitsa. Tingati? Ndinati titatu, nsomba tinayi. Anavulanso magalasi aja.

“Mayi, kakyubu n'kamchere kovala jekete. Mwatseka chitseko, mwatsegula zenera.”

Akuti werengani zolembedwa kuseri kwa paketi, mchere umabisalanso mu soseji, m'zakudya zam'zitini, ngakhale mu buledi. Akuti ambiri amalakwitsa chimodzimodzi. Ine khutu linali litatseka. Masabata onsewa wothira mchere ndinali ine, m'mawa ndi madzulo, mpaka kuwanyamulitsa wina m'kontena. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Mu minibasi ndinangoyang'ana pawindo.

Mankhwala awawonjezera pang'ono.

Lachiwiri, 25 Malichi

Timakyubu m'bini. Ndagula adyo, anyezi, tomato wakupsa kwambiri, jinja. Anamwino anati lilime limazolowera, lipatseni masabata ochepa. Ndiwo zalero n'zozizira mkamwa, komabe zikudyeka.

Masana ndinapita kwa apongozi. Ulendo uno ndinagogoda, ndinagwada. Mawu amene ndinakonza panjira onse anathawa, ndinangoti ndinalakwa, amayi. Iwo akuti dzukani, mawondo amenewo muwafuna poyenda madzulo. Anandipatsa jumbo ya mandimu, ati ndizifinyira pansomba. Kukhululuka akhululuka, koma sanandiperekeze mpaka pamsewu monga amachitira. N'zondiyenera.

Loweruka, 5 Epulo

Lamba wabwerera bowo limodzi. Mtunda wakubwalo akukwera akulankhula. Dzulo anati nyemba za adyo zikukoma, sindikudziwa ngati n'zoona. Apongozi anayenda nafe mpaka pakona, atavala nsapato za mpira za mdzukulu wawo. Ometa tsitsi akuti basi yayamba kudzaza.

Kuyezetsa panjira ndakana. Ndikuopa kuona.

Lolemba, 14 Epulo

Zatsika. Osati kufika penipeni, koma dokotala wakuntchito wasaina. Chiwongolero n'chawo, adzawaonanso miyezi ikubwerayi. Piritsi asasiye ngakhale akumva bwino. Anafika akuliza makiyi a basi m'manja ngati mwana. Ine ndinangokhala pansi pampando wakukhitchini.

Tikudya ndinawafunsa zimene zakhala zikundisautsa. Masiku onse aja, mcherewo sankaumva?

“Ndinkaumva. Ndinkayesa mumandithirira mobisa, pondimvera chisoni.”

Nanga tsiku lomwe ndinakalalatira amayi awo, bwanji osanena?

“Ndikanati wothira ndi inu, amayi n'kumva? Komanso chichokereni kuchipatala munasiya kuimba pophika. Tsiku lomwe mchere unabwerera m'ndiwo munayambiranso. Ndinati bola ndizidya.”

Munthu ameneyu. Kumadya chinthu chomupha, akuchimva palilime, kuti ine ndiziimba. Ndinakwiya, ndinalira, iwo akungofinyira ndimu pansomba. Ndawauza kuti kuimba ndiziimba ndithu, koma ndikufuna wondimvera akhale wamoyo, ndipo akadzandibisiranso zotere ndidzawadyetsa nyemba zamadzi zija mwezi wathunthu.