Denga Lopanda Mzati Pakati

Lolemba, 2 Megabit (mwezi wa pa kalendala ya ku Ethiopia)

Konkire ya denga la holo ya sukulu yakwanitsa masiku 28. Lachisanu tichotsa mitengo ya bulugama imene ikulichirikiza. Mamita 18, popanda mzati pakati. Masamu ndi anga, siginecha ndi yanga, koma kunena zoona ndikuopa.

Zonsezi ndi Wubalem, wojambula mapulani uja. Chaka chatha tinakangana mpaka khofi kuzizira. Ine ndinkafuna mizati iwiri. Iye n'kuti, "Injiniya, ana a sukulu ino samva, amalankhula ndi manja. Mukawaikira mzati pakati mwawatseka pakamwa." Tinamvana za denga lopindapinda ngati lata, iye maonekedwe, ine zitsulo.

Lachiwiri, 3 Megabit

Gash Tafesse, kapitawo wathu, wakana kwamtuwagalu kuchotsa mitengo ija. "Mwana wanga, ndinayamba kumanga mumzinda muno mwa Adama iwe usanamere mano. Anyamata anga salowa pansi pa chinthu chopanda miyendo." Akulu amenewa ali ndi makani, koma ndimawakonda.

Lachitatu, 4 Megabit

Ndamuuza Wubalem mosapsatira: denga likatsika kupitirira masentimita atatu, ndiika mzati, afune asafune. Ndimati ayambitsa mkangano. Ayi ndithu. Waitanitsa mbale imodzi ya chipere cha shiro, wakankhira mapepala pambali. "Matailosi ndimafuna pamwamba aja asiyeni, denga lipepuke." Matailosi amene anawamenyera nkhondo miyezi itatu! Ndachita manyazi, chifukwa ine sindinasiyepo changa chilichonse.

Tawerengera limodzi mpaka madzulo. Masamu akuvomera.

Lachinayi, 5 Megabit

Ndayang'ana paliponse, mng'alu palibe. Chakudya sichikulowa.

Lachisanu, 6 Megabit

Ndinalowa ndekha, n'kuima pakatikati penipeni ndi tepi yoyezera. Kutembenuka, Wubalem ali pambali panga, chipewa chachitsulo chikumukhwepa.

"Tulukani, mayi."

"Dengali tinalipanga awiri. Likagwa, litigwere awiri."

Gash Tafesse anatiyang'ana, anapukusa mutu, n'kutenga hamala okha. "Amisala awiri sangafe okha." Anyamata ataona choncho analowanso. Mtengo woyamba, wachiwiri, mpaka wotsiriza. Denga lili zii.

Ndinayeza katatu. Sentimita imodzi ndi theka.

Ana sitinawalole kulowa, anadzadza pa makomo awiri a holoyo, lina uku lina uko. Mtsikana wina pakhomo lakum'mawa anayamba kuyendetsa manja, mnzake kutsidya n'kumuyankha, popanda chowatchinga. Onse anafa nacho chiseko.

Ndinafunsa Wubalem kuti akuti chiyani.

"Akuti malaya a injiniya anyowa ndi thukuta mpaka kumsana."

Ndinagwira kumsanako. Sananame.