Vitória Abwere kwa Amayi Ake

Lulimile, Lichinga
Novembala 2024

Okondedwa achimwene Salvador,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Lione. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga ukuwira. Ndasankha kulemba chifukwa ndikayamba nkhaniyi pafoni mawu amanditsamwa.

Mlongo wanu Antónia anabwerako kuchipatala cha ku Nampula ndipo akukhala kwanga kuno. Bere lakumanzere lija anachotsa. Chilonda chauma, koma mkono sautukula bwino, ndipo mankhwala a khansa amuthothola tsitsi lonse. Madokotala akuti akadabwera chaka chatha, atangomva chotupa chija, zinthu zikadapepuka. Amene anamuletsa mukuwadziwa. Ndi amuna ake, alamu Rui, amene ankati mkazi wawo sangakavule pamaso pa anthu achilendo chifukwa cha kachotupa kosapweteka n'komwe.

Amene atigwira mkono si abale ayi. Ndi gulu la amayi a m'bairro muno, dera lathu lino, ambiri mwa iwo anadwalapo matenda omwewa. Mtsogoleri wawo ndi Dona Chausiku, mayi wachisilamu wogulitsa usipa pamsika. Ndiwo anatipezera ulendo wa ku Nampula, ndiwonso amabwera ndi ufa ndi nyemba. Tsiku lina Antónia anakana kudya, n'kumati bola angofa. Dona Chausiku anatseka chitseko, namasula kapulana, chitenje chimene anavala, namuonetsa chipsera chawo. Anamuuza kuti iwo anachotsedwa bere mwana wawo wotsiriza asanayambe sukulu, ndipo lero mwanayo ndi mphunzitsi. Madzulo ake Antónia anadya.

Nthawi yonseyi alamu Rui sanapondepo pakhomo pano, chonsecho amakhala mumzinda womwe uno. Mwana wawo Vitória anakamusiya kwa agogo ake akuchimuna ku Chimbonila. Agogowo akuti mwana asayandikire amayi ake, angatengere matenda. Ndinafunsa anamwino, ndipo anandiuza kuti khansa sipatsirana, ngakhale mutagona mphasa imodzi. Ndinatumiza mawuwo ku Chimbonila koma anabweza ndi chipongwe.

Tsono imvani zomwe zandilembetsa. Mwezi wathawu wa Outubro amayi aja anakonza zoyenda mumsewu, kuuza anthu kuti azikapimitsa mawere msanga. Tonse tinavala makamizeta, timalaya tapinki. Pamapeto pake anthu akufuna kwabwino anapatsa Antónia makina osokera, kuti mkono ukachira azidzipezera yekha chakudya. Tili pomwepo tinangoona alamu Rui atulukira, nawonso atavala kamizeta yapinki, sindikudziwa anaitenga kuti. Anapempha kulankhula. Anauza khamu lonse kuti mwamuna weniweni sathawa mkazi wake pamatenda, uku atagwira dzanja la Antónia. Anthu anawomba m'manja, a wailesi n'kuwajambula mawu. Mng'ono wanga anangoweramitsa mutu. Ine ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi, poopa kuononga mwambo wa amayi amene atichitira zabwino.

Kenako anati makinawo anyamule iwo pagalimoto la kuntchito kwawo, atifikitsire kunyumba. Tinadikira mpaka dzuwa kulowa, osabwera. M'mawa mwake tinamva kuti makina ali kwa mkazi wina amene akhala naye kuyambira pomwe Antónia anagonekedwa m'chipatala.

Tinapitako ine ndi Dona Chausiku ndi amayi ena a gululo. Mkaziyo anachita manyazi, akuti anauzidwa kuti makinawo ndi ogula, ndipo anawatulutsa yekha panja. Koma alamu anu alibe manyazi. Anandiloza chala pamaso pa anthu n'kunena kuti, “Ine ndinakwatira mkazi wathunthu, osati theka.” Dona Chausiku anangosenza makinawo pamutu, ife n'kumawatsatira.

Nditafika kunyumba ndinayesa kumubisira Antónia mawuwo, koma ana a pamsewu anali atafikitsa kale. Antónia sanalire. Anayang'ana makinawo n'kunena kuti, “Akadakhala nawo makinawa, n'kundibwezera mwana wanga.”

Sabata yathayi Vitória anabwereka foni ya anthu oyandikana nawo n'kundiimbira mobisa. Anandifunsa ngati amayi ake anamwalira, chifukwa akafunsa agogo ake amangomuuza kuti akhale chete. Mwana amene sanathe n'komwe pulaimale akugona ndi funso lotere, achimwene. Ndisanawapatsire amayi ake foni yanga, mwini foni yobwereka ija anamulanda mwanayo.

Ndikuuzeni mosabisa, inunso mwandikhumudwitsa. Mayi wogulitsa usipa, amene sitinali kumudziwa n'komwe, wasenza mlongo wanu chaka chonse, inu muli chete ndi munda wanu wa mbatatesi. Ndikudziwa mumapewa mikangano ndi a kuchimuna. Koma malume a mwanayu ndinu, ndipo kwathu mwana ndi wa kwa amayi ake. Ine ndikapita andithamangitsa, koma inu sangakutsekereni chitseko.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Chimbonila mukamutenge Vitória, mubwere naye kuno. Za sukulu musade nkhawa, ndalankhula kale ndi aphunzitsi a kuno ndipo malo alipo. Antónia abwereranso ku Nampula Khirisimasi isanafike kukalandira mankhwala ena, ndipo palibe amene watilonjeza kuti zikayenda bwanji. Asakwere basi asanamuone mwana wake.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za mawu a alamu Rui aja musawauze. Moni kwa azakhali, kwa ana onse, ndi kwa alamu anga akazi anu. Muwauze kuti ine ndinakapimitsa mawere ndipo sizipweteka, mukamabwera asatsale.

Antónia sakudziwa kuti ndakulemberani. Sindimuuza mpaka nditamva kuti mwanyamuka, chifukwa wadikira kale mokwanira amuna amene sabwera.

Ndine mlongo wanu,
Adelaide